Paison ndi Manyazi Otchula Mtengo wa Nyimbo

Inu amene mukufuna mawu okulimbitsani mtima, khalani pansi ndikuuzeni za Paison wa ku Kandeu. Koma ndikuchenjezeranitu, nkhaniyi ilibe shuga. Ine ndikaikumbukira mtima umandiwawa.

M'chaka cha 1946, patangopita masiku atatu chiikireni maliro a mkazi wake Regina, Paison adalandidwa mwana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Mwanayo anali Eliness, wa zaka zitatu. Wodzamtenga anali a Yoramu, mlongo wake wa malemuyo, mwini khola la ng'ombe kumtunda kuja kolimidwa kachewere.

"Alamu, mwambo mukuudziwa," adatero a Yoramu, osakhala n'komwe pampando umene adawapatsa. "Tidapangana ng'ombe zisanu za malowolo. Mudapereka imodzi, zinazo mudati mukabwerako ku Joni. Nanga mwabwerako ndi chiyani? Mwendo wopindika ndi kabokosi kolira. Mwanayu ndi wa kwathu kufikira tsiku limene ng'ombe zinayi zidzalowe m'khola mwanga."

Paison adagwada, munthu wamkulu ndi ndevu zake. "Wawa, alamu, ndichitireni chifundo. Wanditsalira ndi yekhayu."

"Muzimdyetsa nyimbo?"

Mkazi wa a Yoramu adabereka mwanayo kumbuyo, ulendo. Asanakhote njira, a Yoramu adacheuka n'kuwonjezera kuti asamabwerebwere kumtundako chimanjamanja kudzasokoneza mwana mutu. Palibe ndi mmodzi yemwe pamudzipo amene adatsutsa, poti mlandu wa malowolo sazengera pamaliro.

Za mwendo zija zinali zoona. Mwala udamgwera mumgodi ku Joni, ndipo adamtumiza kwawo akutsimphina, wosathanso kubwerera kumigodi, wosathanso kulima mizere yokwanira kudzaza nkhokwe. Chimene adabwera nacho chamoyo chinali gitala. Akuti ukaipa dziwa nyimbo. Paison nyimbo ankazidziwa, abale inu! Akakhudza mawaya aja, ngakhale nkhalamba yodandaula msana inkaiwala ndodo. Panalibe ukwati ku Kandeu umene unkachitika osamuitana.

Mwina mukuti, basi ng'ombe zinayi zikanapezeka msanga. Ayi ndithu. Masiku amenewo woimba sankatchula mtengo, ankafupidwa. Ndiye kuti amene nyimbo yamkomera ankabwera n'kuponya kobiri kapena tiki m'chipewa, wina dzira, wina kungoombera m'manja. Mwini ukwati ankapereka chakudya ndi chikho cha thobwa, nkhani yatha. Kunena kuti "ndilipireni mwakuti" kunali ngati kugulitsa madzi akumwa kwa mlendo wapanjira. Anthu ankati mawu adakupatsa ndi Mulungu, iwe ugulitsa bwanji? Paison adaleredwa m'mwambo umenewo, ndipo anali munthu waulemu wopitirira muyezo.

Choncho adayenda. Adatsimphina mpaka ku Kasinje, adatsimphina kubwerera, gitala kumsana, fumbi mpaka m'maondo. Pa ukwati wina adaimba masiku atatu mpaka zala zidang'ambika. Potsanzika, mwini ukwati adamkulungira zipalapasiro za nkhuku m'tsamba la nthochi n'kuti, "Zikomo kwambiri, a Paison, Mulungu akudalitseni." Zikomo! Kodi mudaonapo zikomo akulowa m'khola?

Komabe sadaleke. Makobiri aja ankawaponya m'kachitini, ndipo patatha zaka zitatu adagula thole limodzi, lowonda, lamaso achikasu. Adaliweta ngati mwana, akuliyankhula m'mawa uliwonse. Kenaka idagwa njala ya 1949. Mvula idakana, maukwati adaima, ndipo munthu wanjala savina. Thole lija adalisinthanitsa ndi madengu awiri a chimanga. Tsiku limenelo Paison adakhala pakhola lopanda kanthu nalira mokweza ngati wamasiye, osasamala za amene akumumva.

Kumtunda sadapondeko. Akanapita ndi chiyani? Ankangomva kwa ogulitsa kachewere kuti mwana uja akukula, wayamba kutunga madzi, wachotsa mano.

Zinthu zidatembenuka mu 1951, pa ukwati wina ku Kasinje. Paison atamaliza kuimba, adamkhazika kuseri kwa nkhokwe ndi mbale ya mafupa, alendo olemekezeka akudyera m'nyumba. Pomwepo padadutsa mai Aida, amene ankadziwika chigwa chonse ndi kufulula thobwa la pamaukwati. Anali mai wapakamwa posatseka. Adatula mtsuko, manja m'chiuno, namuyang'ana.

"Bambo inu, akupatsani zingati?"

Paison adaseka mwamanyazi. "Aa, mai, ife timafupidwa."

"Mumafupidwa! Ine thobwa ili ndafulula pa masheleni asanu, ndipo ndidalandiriratu ndisanaviike chimera. Telala wosoka diresi la mkwatibwi walandira. Wangolo wotuta nkhuni walandira. Nanga chikhamu chonsechi chabwerera diresi? Chabwerera zala zanuzo, inu mukukukuta mafupa kuseri ngati galu wa eni ake."

"Nyimbo sagulitsa, mai. Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Amene adaonerera mwana wanu akutengedwa aja? Manyazi adapha lambe, bambo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Adasenza mtsuko wake napita. Paison adakankhira mbale ya mafupa ija pambali. Chimene chidamuwawa kwambiri n'chakuti ngakhale ku Kasinje nkhani ya mwana wake inkadziwika, ndipo onse amene ankavina nyimbo zake ankaidziwa bwino lomwe pamene ankaponya kobiri m'chipewa.

Patapita sabata ziwiri, bambo wina wa pamudzi woyandikana nawo adabwera kudzamuitanira ukwati wa mwana wake. Paison adayang'ana pansi, adakanda dothi ndi chala, kenaka mawu adatuluka ngati munthu akusanza.

"Masheleni khumi. Asanu lero, asanu tsiku la ukwati."

Bamboyo adaimirira. "Ha! Mwatsegula sitolo ya nyimbo? Paison, bambo ako adali munthu waulemu. Zimenezi udakaphunzira ku Joni?"

Mbiri idawanda ngati moto wolusa. Paison wapenga. Paison ndi wadyera. Paison akugulitsa mphatso ya Mulungu. Kutchalitchi anthu ankasendera kutali akakhala pabenchi. Miyezi isanu yathunthu palibe adamuitana, ndipo masiku ena ankagonera mbatata yootcha. Kangapo konse miyendo idafuna kumtengera kwa bambo uja kukapepesa. Chidamgwira chinali chimodzi chokha: akapepesa, Eliness adzakwatiwa ng'ombe za malowolo ake zikulowa m'khola la a Yoramu, iye osamuleranso ngakhale tsiku limodzi.

M'miyezi imeneyo sadakhale manja lende. Adayamba kuyenda kwa nkhalamba za m'midzi kufunsa ziwongo za mabanja ndi mbiri za makolo awo, kuti awa ndi a Maseko ochokera kwakuti, awa ndi a Ngozo, agogo awo adali ndi ng'ombe zakuti. Zimenezi ankazilukira m'nyimbo. Tsiku la sitima ankatsikira ku siteshoni ya Sharpevale, n'kukhala pamthunzi, n'kuimba. Anthu akayamba kuunjikana, iye ankadula nyimbo pakati, n'kuika gitala m'thumba.

"Malizani, bambo!"

"Yotsalayo ili ku ukwati wa amene adzandilipire."

Kumaukwati nako zinthu zinali zitazizira. Anthu ankangodya n'kumabalalika dzuwa lisanapendeke. Bambo uja wonena za sitolo ya nyimbo adabwereka galamafoni kwa mtchona wina, koma sipuling'i idaduka pa nyimbo yachitatu, ndipo mkwatibwi adalira chifukwa bwalo lidangoti zii. Anthu adaseka ukwati umenewo mpaka nyengo yokolola.

Woyamba kugonja adali mphunzitsi wina wa ku Kasinje. Adaika masheleni asanu pamphasa akung'ung'udza. Tsiku la ukwati Paison adaimba nyimbo yotchula makolo a mkwati ndi a mkwatibwi mmodzimmodzi, mpaka amene adawoloka Zambezi. Nkhalamba zidalira, amayi adalulutira, amuna adaponda pansi ngati akuvina ngoma. Kuyambira tsikulo banja lililonse lidafuna kumva dzina la agogo ake likutuluka m'gitala.

Mtengo udakwera. Masheleni khumi adasanduka paundi. Pofika 1954, kumuitana Paison kunali mapaundi awiri ndi masheleni khumi pa tsiku, theka kuperekeratu. Kuwonjezera apo, mwini ukwati ankayenera kutumiza ngolo yodzamtenga, poti mwendo uja udatopa nako kuyendera zikondwerero za eni ake. Chakudya ankadyera m'nyumba, pamodzi ndi ankhoswe. Amene wakana chimodzi mwa izi, akabwereke galamafoni.

Ankadandaula, koma ankalipira. Ndipo taonani anthu mmene alili! Omwe aja omkulungira zipalapasiro ndiwo adayamba kudzitama pamsika kuti, "A Paison ndi athu, tidakulira limodzi." Omwe ankasendera pabenchi adayamba kumsungira malo kutsogolo. Paison ankawayankha mwaulemu, koma kuseka nawo adaleka.

Ng'ombe zidafika zitatu. Yachinayi idabwera ndi a Goliati a ku Sharpevale, munthu wolemera ndi thonje ndi ngolo, amene ankakwatitsa mwana wawo Christobel kwa kalaliki wa kuboma. Adafika panjinga yatsopano, akufuna masiku atatu a nyimbo.

"Nenani mtengo, a Paison. Ine sindine wa makobiri."

"Ng'ombe yaikazi, yoti idabalapo kamodzi."

A Goliati adatsokomola. "Ng'ombe? Chifukwa cha mawaya asanu ndi limodzi?"

"Ngati mukufuna mawaya, bwana, ali kusitolo, ndi otsika mtengo. Mukagule mukadziimbire."

A Goliati adakwera njinga osatsanzika. Paison adatsala akuganiza kuti dyera lamuphetsa. Koma a Goliati anali atalengeza kale chigwa chonse kuti pa ukwati wa mwana wawo padzalira gitala ya Paison. Patapita masiku awiri, wantchito wawo adatulukira akukoka ng'ombe yofiira pachingwe.

M'mwezi wa Ogasiti 1955, Paison adakusa ng'ombe zinayi kukwera mtunda, yekha, wapansi, mwendo ukukoka. Adafika kwa a Yoramu masana. A Yoramu, amene tsopano anali ndi imvi, adazungulira ng'ombezo, kuziyang'ana mano, kuzisisita misana, nkhope ili mwee.

"Alamu athu otchuka! Ife timanyadira tikamamva mbiri yanu. Bwanji simunkabwera kudzationa?"

Paison adavula chipewa. "Ndabwerera mwana wanga."

Adamuitana Eliness kuchokera kumunda wa kachewere. Kudabwera mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, wamtali, matope m'miyendo. Nkhope yake inali ya Regina yeniyeni. Mtsikanayo adagwada patali, naomba m'manja.

"Muli bwanji, alendo?"

"Awa ndi bambo ako," adatero a Yoramu. "Kalongedze, ukupita kwanu."

Eliness sadathamangire bambo wake. Adathamangira kukhitchini, n'kukakamira mkazi wa a Yoramu akulira kuti, "Amayi, ndalakwa chiyani? Musandipereke!" Paison adakhala pabwalo akumva zonsezo, chipewa chili m'manja. Zaka zisanu ndi zinayi adalota tsiku limeneli, koma m'maloto ake simunali kulira kotere.

Adanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Iye patsogolo, mwana pambuyo ndi kamtolo pamutu, mtunda wa mikono khumi pakati pawo. Paison adayesa kufunsa za sukulu, za anzake, za chakudya chimene amakonda. Mayankho anali "inde" ndi "iyayi". Atafika pakamtsinje, mtsikanayo adaima.

"Pepani, ndifunse nawo."

"Funsa, mwanawe."

"Kodi ndizikuitanani kuti chiyani? Kwathu amangoti a Gitala."

Munthu amene a Goliati adamugonjera, munthu wodziwa maina a makolo a chigwa chonse, adakhala pamwala, nayang'ana madzi.

"Uzindiitana mmene ungathere," adatero. "Wochedwa ndine."

Adamlera mwana wake, adamlipirira sukulu ku mishoni, ndipo patatha chaka ndi miyezi Eliness adayamba kunena kuti "ababa" osachita kukumbutsidwa. Paison adapambana, zimenezo sindikana. Koma tawerengani nokha. Kuchokera tsiku limene adatsegula pakamwa n'kutchula mtengo, ng'ombe zinayi zidakwana m'zaka zinayi. Zaka zisanu zoyamba zija sizidadyedwe ndi mwendo, ngakhale njala, ngakhale a Yoramu. Zidadyedwa ndi ulemu wochitira anthu amene analibe naye ntchito.

Tsono inu amene muli ndi luso m'manja koma mukudyera kuseri kwa nkhokwe, osataya mtima. Adzakunenani, adzakusalani, miyezi ina mudzagona ndi njala, koma pirirani, adzabwera okha. Chokhacho, musadikire kufupidwa. Tchulani mtengo wanu lero, mwana asanakule n'kukupatsani moni wa alendo.