Maliro a Achimwene, Amene Anasayina Pepala la Mavoti

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngakhale kunena zoona sindinagone kwenikweni. Amayi a mvano anali atasiya kuimba, ena atatsamira khoma pafupi ndi bokosi la achimwene anga. Kunja kunali chiperoni, kamvula kozizira kolowa m'mafupa. Pamoto wa amuna panali anthu ochepa, onse achibale. Pa maliro a mphunzitsi amene anaphunzitsa ana a pano zaka zambiri, moto umenewo unayenera kuzingidwa ndi khamu.

Kwathu ndi katauni kakang'ono pa msewu wa ku Majaua, ndipo aliyense amadziwa kumene timavotera. Chibwerere anthu kuchokera ku Malawi, kumene anathawira, nkhondo yapachiweniweni itatha, pano timavotera otsutsa boma. Sitichita kulengeza. Msonkhano wa chipani cholamula ukabwera anthu amapita, kulandira zitenje, kuomba m'manja, koma tsiku lovota chala chimaloza kwina. Ena amati n'chifukwa chake mlatho wathu ukadali wa mitengo.

Pa chisankho chapitachi achimwene anawaika kukhala mkulu wa mesa, tebulo lovotera la kusukulu. Kutacha, pepala limene linamatidwa pakhomo la kalasi linati olamula apambana kutali, ndipo pansi pake anasayina ndi achimwenewo. Kuyambira tsiku limenelo moni unatha. Kumsika ankawagulitsa tomato osawayang'ana kumaso. Iwo sanadzikanire, sanavomerenso. Anangoonda, mpaka mtima unawagwetsa m'kalasi.

Kutayera, mayi wina wochokera kumjigo anandinong'oneza kuti kumanda kulibe munthu. Adzukulu okumba manda anali atakhala pakhonde la golosale, makasu ali pansi. Ine ndi malume tinapita kugolosaleko. Malume anavula chipewa n'kuwapempha.

"Madala, ife sitinakane," anatero mkulu wawo osadzuka. "Koma tamva kuti kukubwera galimoto ndi mbendera. Ngati ali wa chipani, amukumbire a chipaniwo."

Galimoto inafikadi cha m'ma naini, ili matope okhaokha. Munatuluka akuluakulu atatu a chipani cholamula ochokera ku Milange, atatenga matumba a ufa ndi mbendera yopinda bwino. Mmodzi analankhula Chipwitikizi, wina n'kumasulira kuti kamarada, mnzawo wa m'chipani, wagwa, chipani chimuika ndi ulemu. Anthu amene anali atayamba kufika anaima kutsidya kwa msewu, njinga zili m'manja, ena akulankhulana Chilomwe chapansipansi. Palibe anawoloka.

Alamu anga, mkazi wa malemu, anatuluka m'nyumba akugwirira khoma. Anagwada, koma mawu awo anamveka mpaka kumsewu.

"Zikomo abwana, mwayenda mtunda wautali. Koma bambowa ndiwafunditsa nsalu ya kutchalitchi. Inu madzulo mubwerera ku Milange. Ine ndi ana titsala ndi anthu awa."

Akuluakulu aja sanakangane nawo. Anakwezanso ufa uja, ndi mbendera yomwe, n'kunyamuka osalowa kukaona nkhope. Malume anandiuza chapansipansi kuti mapepala a penshoni ya malemu adzadutsa m'manja mwa anthu ngati amenewa. Alamu anamva, koma sanatembenuke.

Galimoto itazimirira, adzukulu anatola makasu. Dothi linali lonyowa, lolemera, moti manda anatha dzuwa litapendeka. Amayi anakoleza moto ndi nkhuni zonyowa, utsi unadzaza bwalo lonse, ndipo anaphika kaufa kamene tinali nako ndi nyemba. Anthu anawoloka msewu pang'onopang'ono, amayi poyamba, amuna pambuyo. Ena sanawoloke konse, anangokhala pamsewu pomwepo mvula ikuwanyowetsa.

Popita kumanda bokosi limasinthana mapewa mowirikiza, koma tsiku limenelo amuna omwewomwewo analinyamula mtunda wautali, akuterereka m'matope, ena akungoyenda m'mbali manja ali m'matumba. Nyimbo inali ya amayi okha. Mkulu wa sukulu ananena za ana amene malemu anawaphunzitsa kuwerenga. Abusa analalikira mwachidule. Za chisankho palibe anatchula. Bambo wina wokalamba, amene chaka chonse sanawayankhe moni achimwene, anaponya dothi, n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Pobwerera ambiri anapitirira kwawo osadya.

Madzulo mvula inaleka. Achibale akutali anali atathamangira minibasi yomaliza, ana atagona msanga chifukwa cha kutopa. M'nyumba munangotsala mphasa zonyowa ndi fungo la utsi. Ndinakhala pakhomo ndi alamu, tikuyang'ana bwalo lopondedwapondedwa.

"Mlamu," anatero patapita nthawi, "inenso ndinavotera otsutsa. Pa mesa ya achimwene anu yomweyo, iwo akundipaka inki pachala."

Ndinawafunsa ngati achimwene ankadziwa.

"Ankadziwa. Tinakhala nyumba imodzi chaka chonse, ine osawafunsa za pepala lija, iwo osandiuza. Ngati voti yanga inawerengedwa, wodziwa ndi amene tamukwirira uja."

Anadzuka n'kuyamba kupinda mphasa. Ine ndinawathandiza.