Mutu wa Chambo Wopanda Ubongo

Ndikukumbukira kuti kwathu ku Chia mutu wa chambo unali ndi mwini wake. Bambo ankakhulupirira kuti nzeru zimakhala mu ubongo wa nsomba, ndipo popeza ine ndinali mnyamata woyembekezeka kupita kusekondale, mutu unkagwera m'mbale yanga. Mlongo wanga Zainabu ankalandira kumchira. Palibe amene anafunsapo kuti nsomba yanzeru chotero inakodwa bwanji mu ukonde.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndilembe mayeso a Sitandade 8, Bambo anagula chambo chachikulu padoko, Mayi n'kuchiphika ndi tomato ndi kamchere. Fungo lake linafika mpaka kwa aneba. Ndinanyema kondowole, ndinatsegula mutu mosamala, koma m'kati munali mphako yokhayokha. Ndinapisa chala, ndinayamwa fupa lililonse, ubongo munalibe. Ndinaona sekondale ikundithawa.

Zinadziwika kuti Zainabu, amene anatumidwa kupala mamba, anaboola mutuwo ndi munga, n'kuika ubongo pa chitsekerero cha botolo kuseri kwa bafa, kumene nyerere zinali zitayamba kale kuchenjera. Anafotokoza kuti ankafuna kuona pamene pamakhala mantha, chifukwa nsomba imathawa chithunzithunzi cha munthu mwiniwake asanafike. Bambo anamulanga kuti akaingitse mbalame kumunda wa mpunga sabata yathunthu. Ine sindinasankhidwe chaka chimenecho. Chifukwa chake ndinali nacho kale, ndipo chinanditumikira mokhulupirika zaka zambiri.

Lero ndili ndi dipuloma ya ulimi wothirira. Zainabu ndi katswiri wofufuza za ubongo. Amagwiritsa ntchito tinsomba ting'onoting'ono pofuna kudziwa mmene minyewa imalumikizirana kuti cholengedwa chithawe kapena chiime. Mlandu umene anapsa nawo ndi dzuwa mu mpunga ndi umene ukumukweza ndege.

Zainabu atabwera pa Idi yapitayi, Bambo, amene akalamba tsopano, anaika mutu wa chambo m'mbale ya mlongo wangayo. Iye anauyang'ana, kenako anaukankhira kwa ine.

"Idyani, achimwene. Uwu sindinaugwire, mayeso aja mutha kukalembanso."

Zinthu zasinthadi. Ana anga, anyamata ndi atsikana omwe, amakana mutu, ati uli ndi minga yambiri, ndipo amakhoza m'kalasi popanda thandizo la nsomba. Koma ine ndinaudya wonse tsiku lija, ndipo zotsatira zake ndikudikirabe.