Dikishonale Yopanda Chikuto ya a Ndiyekuti

Alamu anga ankasoka mabuku. Ntchito yawo inali m'kachipinda ka kuseri kwa malo osindikizira, momwe munali tebulo, singano zikuluzikulu, ulusi, poto wa guluu ndi njerwa zokutira m'nsalu zopsinjira mabuku. Guluu safuna phuma. Ukamata buku umadikira kuti liume, ndipo anzawo ankadikira akusewera makadi panja. Iwo ankadikira akuwerenga dikishonale.

Dikishonaleyo anabwera nayo munthu wina kuti aisoke, koma sanabwerenso kudzatenga. Inalibe chikuto ngakhale masamba oyambirira, choncho palibe ankadziwa chaka chomwe inatuluka. Alamu analibe nazo ntchito. Kwa iwo, chilichonse chosindikizidwa chinali choona ngati dzuwa.

Tinkawatchula a Ndiyekuti, chifukwa ndi mmene ankayambira kumasulira mawu. Ukangokhala nawo pafupi, walowa m'kalasi osalembetsa. Anandiuzapo za vitriol, mankhwala oopsa amene amadya chitsulo, ine ndikungofuna kubwereka pampu ya njinga. Tsiku lina pamaliro anandinong'oneza za deodand: ndiye kuti chinthu chimene chapha munthu, kaya ngolo kaya ng'ombe, lamulo limachilanda kwa mwini wake.

"Alamu, mawu amenewa mudzagula nawo mchere?" ndinawafunsa.

"Inu mchere mumaudziwa," anatero, "koma dzina lake lenileni simulidziwa."

Mchemwali wanga, mkazi wawo, makutu anali atatseka kalekale. Ine ndinkangogwedeza mutu. Wophunzira weniweni anali mmodzi, mwana wawo wamkazi wachisamba, amene iwo ankamutchula kuti Mayi. Madzulo aliwonse ankawachingamira pachipata ndi funso, bambo ake asanavule n'komwe nsapato. Munthu uja analibe galimoto, analibe udindo, kuntchito ankamuona ngati mpando. Ulemu wake wonse unali pa funso la mwanayo.

Ali ku sekondale, mtsikanayo anafunsa chifukwa chake nkhuni zimapsa n'kutsala phulusa. Alamu anasangalala ngati apatsidwa mphatso. Anati mawu ake ndi phlogiston: ndiye kuti kanthu kamene kamakhala m'chilichonse choyaka, ndipo moto ukagwira kamatuluka n'kuthawa, phulusa n'kutsala. Kaya bukulo linalemba motero ngati zoona, kaya alamu ndi amene anawerenga mwachikhulupiriro, sindingadziwe. Chingerezi changa chimathera pa moni.

Mawa lake mwana anaimirira m'kalasi n'kufotokoza zonse molimba mtima, mpaka kuwonjezera kuti anamuuza ndi bambo ake. Mphunzitsi anati maganizo amenewo akatswiri anawataya agogo a agogo ake asanabadwe. Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo mawuwo anasanduka dzina lake mpaka anamaliza sukulu.

Kunyumba sanalire, sanakalipe. Anangosiya kufunsa. Ankawalandira chikwama, kuwapatsa madzi osamba, ulemu wonse osachotsera, koma pachipata sankaimanso. Alamu anamva nkhaniyo kwa mchemwali wanga, ndipo zinawapweteka kwambiri. Ndinaziona ndi maso anga, munthu wolongolola uja akudya mwakachetechete ngati mlendo.

Loweruka lotsatira anabwera nayo dikishonale kunyumba kwanga, ataimanga ndi ulusi wawo wosokera.

"Deodand," anatero. "Yapha chikhulupiriro cha mwana wanga. Ndiye kuti iyenera kulandidwa."

Ndinafuna kuseka, koma nditawayang'ana kumaso ndinameza. Ndinaiponya pamwamba pa kabati, pomwe inakhala ndi fumbi ndi akangaude. Kuntchito alamu anayamba kudikira guluu manja ali pamaondo. Makadi anawayesa, koma ankaluza ngati mwana.

Zaka zinapita. Malo osindikizira anagula makina omata okha mabuku, ndipo mabwana anawauza alamu kuti akapume. Maso nawo anachita ng'ala, moti singano sakanaionanso ngakhale akanawasunga. Mtsikana uja anaphunzira, ndipo mwa ntchito zonse za padziko anasankha uphunzitsi wa sayansi. Ankawagulira mankhwala, ankawatumizira majuzi. Alamu ankathokoza, koma nthawi ina anandiuza kuti, "Juzi ndi labwino, alamu, koma silifunsa kanthu."

Mwezi wathawu mwanayo anatulukira kwanga masana, fumbi la choko lili pamikono ya bulauzi.

"Amalume, buku lija mukadali nalo?"

"Ukufuna ukayatsire moto? Ukaone ngati kanthu kaja katulukemo?"

Sanaseke. Anati mwana wina m'kalasi mwake anayankha zolakwika zimene anamuuza agogo ake, anzake n'kumuseka. Iye anapezeka kuti wakwiya kwambiri, ndipo amene anamukwiyira sanali woyankhayo.

Tinapita limodzi. Alamu tinawapeza pakhonde, atatembenuzira nkhope kudzuwa. Mwanayo anawaika bukulo pamiyendo. Iwo analisisita, napeza mfundo ya ulusi wawo, ndipo manja anaima pomwepo.

"Ababa, mawa ndikuphunzitsa za moto," anatero. "Ndikufuna ndiyambire pa zimene anthu ankaganiza poyamba, koma m'mabuku athu mulibe zokwanira. Kodi phlogiston n'chiyani?"

Mchemwali wanga, amene anali kuanika zovala, anasiya malaya m'beseni. Alamu anakhosomola, anakonza kolala ya juzi, n'kukhala tsonga. Bukulo sanalitsegule.

"Ndiye kuti..." anayamba, mawu n'kuwathawa. "Mayi, ndinene mmene ndinakuuzira kale, kapena ndinene kuti ankalakwa?"

"Munene mmene munandiuzira. Zolakwazo ndikakonza ndekha, ndi ntchito yanga."

Mwanayo anakokera mpando pafupi, nakhala kumapazi awo. Ine ndinachokapo kukaona njinga yanga, ngakhale inalibe vuto lililonse.