Chitseko cha Mayi Busa

Mpaka lero ndikamva fungo la petulo litasakanikirana ndi la fumbi lotentha, mtima umabwerera ku Kawale, pansi pa mtengo wa mango wa kwa malume anga a Ngozo. Chinali chilimwe chija nyenje zinkalira mpaka makutu kuwawa, malata nkumathetheka okha masana. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi kapena ziwiri, nditangobwera kumene kuchokera kwathu ku Ntcheu kudzathandiza ntchito zapakhomo. Za m'tauni sindinkazidziwa, koma mapoto ndinkawadziwa. Ndikagwira mchenga ndi kachiguduli ka saka, poto wakuda bii ankasanduka kalilole.

Pansi pa mangowo pankagona galimoto. Inali yakalekale, ya mphuno yozungulira, nyale zake ngati maso a ng'ombe, giya yake ili pachiwongolero, ndipo kutsogolo kunali mpando umodzi wautali ngati benchi ya kutchalitchi. Agogo athu aamuna anaigula kwa mzungu wa ku esiteti ya fodya amene ankamuyendetsa, mzunguyo akubwerera kwawo. Ana a ku Kawale anaipatsa dzina loti Mayi Busa, poti inkayenda mosathamanga ndipo aliyense m'njira ankaipatsa moni. Nafenso m'nyumba tinkangoti Mayi Busa adwala, Mayi Busa asamba.

Malume anali makaniko pagalaja ina ku Biwi. Loweruka masana ankavala ovolosi yawo yong'ambika pabondo nkulowa pansi pa Mayi Busa, ife nkumangoona zidendene. Chaka chimenecho anachotsa mabuleki akale nkuika a galimoto yamakono, chifukwa potsetsereka kumlatho Mayi Busa ankafuna kuwapempha kaye asanaime. Mawaya ofumbwa onse anasintha. Anaika malamba m'mipando, koma anayamba ayenda msika wonse kufuna ofiirira ngati chikopa cha mipandoyo. Wailesi yake inafa kalekale, koma sanaichotse. Anagula kaseti nkuibisa m'kabokosi ka kutsogolo, moti munthu akakwera ankalumbira kuti wailesi ya makedzana ija ndiyo ikuimba. Zam'kati ankasintha mosaumira. Koma penti ayi. Penti anali yemwe uja wochokera naye kufakitale, wamtundu wa mkaka wa m'chitini, ndipo malume ankamupukuta ndi siketi yakale ya anti, osalola ngakhale sopo wochapira zovala kufika pafupi.

Chilimwe chimenecho asisi Agnesi, mwana woyamba wa malume, ankakwatiwa. Akuchimuna anali a ku Area 25, ndipo iwo anali atapeza kale galimoto yamakono ya magalasi akuda. Pamsonkhano wa komiti ya ukwati, mlongo wake wa mkwati, a Lonjezo, ananena poyera kuti mkwatibwi asakwere chiphapha, anthu angakankhe galimoto atavala masuti. Malume anayankha mofatsa kuti mayi ake a mwanayo anakwera yomweyo pa tsiku lawo, ndipo palibe anakankha. Mkangano unathera apa: Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi, komiti ibwere idzaione. Ikapanda kuwasangalatsa, mkwatibwi akwera ya magalasi akuda.

Lolemba la sabata imeneyo madzulo, malume anaima pafupi ndi thandala pamene ndinayanika ziwiya, nauza anyamata awo awiri kuti, "Mwaona mapoto a Esinatiwa? Pofika Lachisanu Mayi Busa awale chonchi."

Inu, mawu amenewo anandikoma. Kuyambira tsiku lomwe ndinafika ku Kawale palibe anali atanditamapo pagulu. Ndinadziuza kuti anyamata aja ndi aulesi, adzangopukuta pamwambamwamba. Mmawa mwake, anthu asanadzuke, ndinatenga beseni, mchenga ndi kachiguduli kanga. Ndinasankha chitseko chakumbuyo, cholowera mkwatibwi, chifukwa pansi pa chogwirira panali poderako ndi manja a anthu a zaka zambiri. Ndinagwada nkuyamba kukwecha. Madzi ankatsika oyera ngati otsukira mpunga, ine nkumati litsiro likuchoka. Ndinakwecha mpaka chitsulo chinatulukira, chowala ngati poto, malo aakulu ngati mbale ya ndiwo. Ndipo ndinapita ndekha kukagogoda kuchipinda kuti malume adzaone.

Anatuluka ndi thaulo paphewa. Anaima. Anagwada nkuyendetsa chala pamalo paja, kenako anayang'ana chalacho nthawi yaitali.

"Wachita ndi chiyani, mama?"

"Ndi mchenga, malume. Mbali inayo ndimaliza ndikabwera kumadzi."

"Mbali inayo uisiye," anatero, mawu ali pansipansi.

Anti atatuluka anagwira m'mutu, kenako maso awo anayamba kufuna kamtengo. Pamenepo mpamene ndinadziwa kuti ndalakwa. Koma malume anawaletsa. "Pakamwa ndi panga. Ndinati iwale ngati poto, mwana waiwalitsa ngati poto."

Masana anabwera ndi mnzawo wopenta magalimoto ku Biwi, Che Bakali a ku Mangochi, munthu wamfupi amene zikhadabo zake zinali ndi mitundu yonse ya padziko. Che Bakali anazungulira galimoto, anaona chitseko, anandiyang'ana ine, nkuseka mpaka kutsamira mtengo. Atapuma anati nkhani ndi yosavuta. Penti wotere sagulitsanso m'sitolo iliyonse, ndiye bola kuwavula Mayi Busa yense nkuwaveka siliva wonyezimira ngati magalimoto obwera ku Dubai. Lachisanu akhala atauma, ndipo akuchimuna adzasowa chonena.

"Che Bakali," anatero malume, "agogo anu mungawaveke jinzi?"

Basi ntchito inakhala yosakaniza. Anasonkhanitsa zitini za majarini nkuzindandalika pakhonde. Woyera, wachikasu pang'ono, kadontho ka wofiirira kothira ndi nsonga ya machesi. Akasakaniza ankapaka pa kachidutswa ka lata, nkukayanika padenga la bafa, kakauma nkukayerekeza ndi chitseko. Vuto linali lakuti penti akakhala wamadzi amanama, amanena zoona akauma. Komanso penti wa Mayi Busa anali ataphikidwa ndi dzuwa la zaka zonse zija, moti mmawa ankaoneka mwina, madzulo mwina. Anthu odutsa ankaima pampanda nkumapereka nzeru. Mayi wogulitsa mandasi anati awonjezere chikasu. Telala wa pakona anati ayi, chikasu chachuluka kale. Pofika Lachitatu madzulo tizidutswa ta malata tinadzaza denga lonse la bafa, fungo la thina lili m'nyumba monse, ngakhale tiyi ankamveka penti.

Lachinayi anamata manyuzipepala pamagalasi ndi pazogwirira, Che Bakali nkupopera. Ine anandipatsa ntchito yowaza madzi pabwalo kuti fumbi lisauluke, ndi kuthamangitsa nkhuku. Ndinapita kukiyosiki ya madzi mwina kasanu ndi kawiri. Tambala wa aneba anayesa kuyandikira, ndinamuthamangitsa mpaka kuseri kwa mzikiti.

Lachisanu linafika. Chitseko chinauma bwino, ndipo ukaima kutsogolo kwake sunkaona kanthu. Koma ukaima chammbali, dzuwa likamenya, pankaoneka kamalo kozungulira koyererapo pang'ono. A komiti anafika cha m'ma folo, pamodzi ndi mayi ake a mkwati, mayi wamkulu thupi wochokera ku Dedza. Ine ndinabisala kuseri kwa thandala. A Lonjezo anazungulira kamodzi, kawiri, kenako anawerama chammbali ndithu ngati wina anawatsina khutu.

"Apa bwanji, bambo? Galimoto ili ndi chipere?"

Ndinkayembekeza kuti malume anena kuti ndi dzuwa, kapena njinga inakhula. Iwo ananena zonse mmene zinayendera, mchenga ndi chiguduli chomwe. Azimayi a komiti anaseka mpaka kupukuta misozi ndi zitenje. Mayi ake a mkwati anafunsa kuti mwanayo ali kuti, ndipo anti anandikokera poyera. Anapempha kuona mapoto. Anatenga mmodzi, anadziyang'anira, anakonza duku lawo, nkundibwezera. Kenako anatsekula chitseko chomwe chija nkukhala kumbuyo.

Malume anapotokola kiyi kamodzi kokha, injini inayankha mosatsokomola. Anatsekula kabokosi mwakabisira, nyimbo ya kwaya nkuyamba kutuluka. Anawayendetsa mayi aja mpaka kumsika nkubwerera, ndipo pachipata anaponda mabuleki dala kuti a Lonjezo aone. Mayi Busa anaima nji. Mayi aja sanafulumire kutsika. Anatsitsa galasi, dzanja lili pazenera, nati, "Mkwatibwi ndi woti anthu azimuona. Ya magalasi akudayo inyamule keke."

Loweruka asisi Agnesi analowera chitseko chimenecho, velo lawo anti atalinyamula kumbuyo. Kuchokera ku Kawale mpaka kutchalitchi hutala sanapume. Makondakitala a minibasi ankamenya zitseko zawo, azimayi a tomato ankalulutira, ana ankathamanga m'fumbi akukuwa dzina la Mayi Busa kuposa la mkwatibwi. Ine ndinali kutsogolo pabenchi paja, pakati pa malume ndi bokosi la mphatso, lamba wofiirira atandimanga nawo pamodzi.

Mvula itayamba, Che Bakali anabweranso. Anati tsopano nthawi ilipo, ndipo apeza kasakanizidwe kenikeni, abwereze chitseko kuti chipere chitheretu. Malume anawathokoza, anawapatsa tiyi, koma anakana. Kuyambira pamenepo, mlendo aliyense wobwera kudzaona galimoto ankamuzungulitsa. Ankamuonetsa pamene bampala inapindika pang'ono, nkunena kuti apa bambo anga anagunda ng'ombe ku Lizulu. Ankamuonetsa pampando pamene panapsa, nkuti apa mayi a ana anaika simbi yamoto tsiku la ubatizo. Pomaliza ankamuimika chammbali, nkuti, "Apa ndi Esinati."

Masiku amenewo ndikamva dzina langa ndinkathawira kukhitchini. Ndinkati malume anandikhululukira ndi pakamwa pokha, koma asiya chipere chija dala kuti ndizichita manyazi mpaka kalekale. Ndinakula ndi maganizo amenewo, ndinakwatiwa nawo. Ndinadzazindikira ndili kale ndi ana anga, tsiku lina ndikuchapa, nditakumbukira kuti minibasi ina inawaswerapo Mayi Busa nyale ndi kuphwanya mbali yonse yakumanja, ndipo malume anawongola ndi kupenta mpaka palibe akanaloza pamene panagundidwa. Zimene anthu akunja anawononga ankazifafaniza zonse. Zipsera zimene ankasunga zinali za anthu a m'nyumba mwawo okha.