Galimoto Yomwe Ndinasinthanitsa ndi Ng'ombe za Mlongo Wanga

Inu owerenga, ine ndinagula galimoto yowonongeka, ndipo ndinadziwa kuti ndi yowonongeka ndisanafike nayo n'kunyumba komwe. Ambiri akamasimba za kuberedwa amati anawaphimba m'maso mpaka kumapeto. Ine sindinganene choncho. Wamalonda anandinamiza tsiku limodzi lokha, masiku otsatirawo ndinkadzinamiza ndekha, ndipo amene anavutika ndi bodza langalo ndi mlongo wanga.

Kwathu ndi m'kati ndithu, kuseri kwa Malowera, m'chigawo cha Tete. Nkhondo yapachiweniweni itatha makolo athu anabwerera kuchokera ku Zambia, komwe anathawira, akukusa ting'ombe tochepa, ndipo khola lathu lonse linayambira pamenepo. Bambo atamwalira khola linatsala m'manja mwanga monga mwana wamkulu, koma aliyense ankadziwa kuti ng'ombezo si zanga ndekha. Mlongo wanga Luwiza, yemwe amuna ake anamwalira n'kumusiyira ana ang'onoang'ono, ankadalira ng'ombe ziwiri zapagoli, Bantomu ndi Mawanga. Munda wake ndi wadothi lolimba, woti khasu limachita kudumpha. Popanda ng'ombe ziwirizo mundawo sulimika.

Chinkandiwawa ine n'choti chaka ndi chaka tinkagulitsa nyemba ndi chimanga pamtengo wozizira kwa ogula obwera ndi malole, chifukwa tinalibe chonyamulira. Ndili mnyamata ndinagwirapo ntchito yothandiza woyendetsa lole, ndipo ndinaphunzirira pomwepo kuyendetsa. Ndinkadziona ngati munthu wodziwa magalimoto kuposa aliyense m'mudzi, ndipo zinali zoona chifukwa panalibenso wina.

Pa Malowera panali bambo wina wamalonda, dzina sinditchula. Ankagula ng'ombe m'midzi n'kumazisunga m'khola lake kudikira lole yozitengera ku Tete, komanso ankagulitsa magalimoto akale. Tsiku lina anandionetsa galimoto yaing'ono yonyamula katundu, yomwe kuno timati karinya. Inali yoyera, yotsukidwa bwino, matayala atawapaka mafuta. Anati safuna ndalama, ndingomupatsa ng'ombe, koma pa ng'ombezo pakhale zapagoli ziwiri zija chifukwa ndizo zinali zonenepa. Mtengowo unali wotsika moti munthu wanzeru akanayamba wafunsa chifukwa chake. Ine ndinangoona mwayi.

Ndinapita kukamuuza Luwiza. Iye anati, "Achimwene, zinazo tengani, koma ziwirizi ndiye khasu langa." Ndinamulonjeza kuti galimoto ikayamba kunyamula nyemba za anthu, mvula isanagwe ndikhala nditamugulira ng'ombe zina zabwino kuposa izo. Anavomera chifukwa ndine mkulu wake, osati chifukwa choti anakhutira.

Tsiku lokatenga galimoto ndinapeza italizidwa kale, injini ili yotentha. Tinaizunguliza pabwalo la mpira, pamalo osalala opanda chitunda ngakhale chimodzi, ndipo inayenda bwino. Sindinapite ndi makaniko, sindinapemphe pepala lililonse losonyeza zomwe tagwirizana. Wamalonda uja anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Akulu, karinya iyi ilibe problema. Ikakuvutani bwerani nayo, ng'ombe zanu zili pompano mpaka kamyau ya ku Tete ibwere." Kamyau ndiye lole ija. Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino ndi makutu angawa.

Pachitunda choyamba chenicheni galimoto inayamba kulemera. Kumbuyo kunkatuluka utsi woyera, kutsogolo madzi akuwira. Ndinaima pafupi ndi kamtsinje, ndinadikira kuti izizire, kenako ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyiloyo anali ngati tiyi wamkaka. Aliyense amene anakhalapo pafupi ndi lole amadziwa tanthauzo lake: madzi akulowa mu injini. Pamene ndinaimapo, ku Malowera kunali pafupi kuposa kwathu. Ng'ombe zinali zikadali m'khola la wamalonda. Chofunika chinali kungotembenuka basi.

Sindinatembenuke. Uthenga unali utatsogola kale kumudzi kuti galimoto ikubwera, ndipo ndinaganiza za anthu amene akundidikira pamsewu. Ndinaona m'maganizo mwanga ndikulowa m'mudzi wapansi, ndikukusa ng'ombe zomwe zija, anthu akubisa kuseka. Ndinatunga madzi pakamtsinjepo, n'kuthira, n'kulunjika kwathu ndikudziuza kuti mwina ndi vuto laling'ono.

Kumudzi anandilandira ngati ndikuchokera kunkhondo. Azimayi anaimba nthungululu, ana anathamangira galimoto fumbi lili koboo, ndipo akulu ampingo anabwera kudzaipempherera atasanjika manja pachitsulo chomwe chinali chikadali chotentha. Inali galimoto yoyamba ya munthu wa m'mudzi mwathu. Pamene ankapemphera ine ndinali nditatsinzina diso limodzi, linalo likuyang'ana pansi pa galimoto ngati pakudontha madzi. Kuyambira madzulo amenewo kubweza galimotoyo kunandivuta kuposa poyamba, chifukwa inali itasanduka ya mudzi wonse.

M'malo moibweza ndinaikongoletsa. Ndinaitengera kwa wowotcherera zitsulo kuti aike zitsulo zazitali m'mbali, matumba azikwana ambiri. Ndinalembetsa dzina la banja lathu pachitseko ndi penti wofiira. M'mawa uliwonse, anthu asanayambe kudutsa, ndinkathira madzi kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkaiimika pamtsetse kuti ikakana kulira ndingoitsetsereza. Ndinaitananso makaniko wa m'mudzi woyandikana nafe, yemwe amakonza njinga zamoto ndi zigayo, ndipo ndinamupempha kuti asauze munthu. Atatsegula injini anapeza mng'alu womatidwa ndi mankhwala omatira zitsulo, ndipo pamwamba pake anali atapakapo penti kuti pasaoneke. Anandiuza kuti ndiibweze msanga. Ine ndinamuuza kuti amatenso.

Masiku amenewo anthu opita ku Malowera ankabwera ndi nkhani yoti aona Bantomu ndi Mawanga m'khola la wamalonda, zikulira zikamva mawu a anthu akwathu. Ankanena ngati nkhani yoseketsa. Ine inkandibaya mumtima, komabe sindinanyamuke.

Woyamba kuzindikira anali Luwiza, chifukwa ndi iye ndi mkazi wanga amene ankatunga madzi a pakhomo. Tsiku lina anatula ndowa pafupi ndi ine n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, galimoto yanuyi ikumwa madzi kuposa ng'ombe zomwe munapereka. Ili bwino koma?" Anafunsa mwaulemu, tili awiriwiri. Ndinamukalipira. Ndinati iye za magalimoto akuzidziwira kuti, asamale za kumunda. Anatola ndowa yake n'kumapita, ndipo sanafunsenso.

Galimoto inafa kotheratu tsiku limene ndinanyamula nyemba za anthu ambiri, mitambo itayamba kale kusonkhana. Inalira ngati chitsulo chathyoka m'kati, n'kuzima pakati pa msewu. Eni nyemba anasenza matumba awo pamutu kubwerera. Galimoto yomwe analandira ndi nthungululu inalowa m'mudzi ikukokedwa ndi ng'ombe zobwereka. Manyazi amene ndinkawathawa aja anandipeza ndithu, ndipo anabwera aakulu kuposa amene ndikanawaona tsiku loyamba.

Apo m'pamene ndinaganiza zoibweza. Koma mvula yoyamba inagwa yamphamvu, mitsinje yopanda milatho inadzaza, ndipo kukoka galimoto yakufa m'matope amenewo kunali kosatheka. Madzi atatsika ndinapita wapansi. Ndinafikira kukhola ndisanaonane ndi mwini wake. Munali ndowe zouma zokhazokha. Lole inali itabwera mvula isanatseke msewu.

Wamalonda uja sanakwiye nkomwe. Anandipatsa mpando, anandimvetsera, kenako anatuma munthu wake pa njinga yamoto kukaiona galimotoyo. Munthuyo atabwerako, wamalondayo anati, "Akulu, imene ija si karinya yomwe ndinakugulitsani. Yanga inalibe zitsulo m'mbali, inalibe dzina pachitseko. Nanga motoro anatsegula ndani? Mwaiwononga nokha, lero mukufuna ng'ombe?" Motoro ndiye injini. Ndinamukumbutsa mawu ake aja. Anati sakuwakumbukira, ndipo anandifunsa ngati ndili ndi pepala.

Ndinakadandaula ku boma, ku Fingoé. Mayi amene anandilandira muofesi anandithandiza ndi mtima wonse, ndipo kwa iwo ndi kumene ndinamva zinthu zomwe ndinayenera kuzidziwa kale. Anati lamulo limateteza wogula, ngakhale chinthucho chikhale chakale kapena chotsika mtengo. Wogulitsa saloledwa kubisa chilema chomwe akuchidziwa, ndipo akabisa, wogula ali ndi ufulu wofuna kuti chinthucho chikonzedwe, chisinthidwe, kapena abwezeredwe zake. Ndinamva ngati mtima ukubwerera m'malo. Kenako anandifunsa kuti vutolo ndinaliona liti. Ndinafuna kunama, koma ndinali nditatopa nako. Ndinati tsiku loyamba. Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana, ndipo anati, "Ndiye bambo, munkadikira chiyani?"

Wamalonda anaitanidwa. Makaniko uja anabwera kudzachitira umboni za mng'alu wopakidwa penti, ndipo zimenezo zinathandiza. Koma kuchedwa kwanga, zitsulo zowotcherera zija, ndi injini yotsegulidwa mobisa zinamupatsa wamalondayo pothawira. Pomaliza anavomera kutenga galimoto yakufayo n'kundipatsa tiana ta ng'ombe tiwiri, toti sitinaonepo goli ndipo sitikanalima chaka chimenecho ngakhale chotsatira. Mayi a muofesi aja anandiuza kuti ndikanabwera sabata yoyamba, galimoto ili momwe ndinaitengera, nkhani ikanakhala yosavuta.

Pamene ndinkayenda maulendo onsewa, anthu anali atadzala kale. Ng'ombe za anzathu zinali zotanganidwa m'minda ya eni ake, ndipo Luwiza analowa m'munda mwake ndi khasu. Ndinamuthandiza pamene ndikanatha, koma dothi lija silimva khasu. Anadzala kachigawo kochepa, mochedwa, ndipo anakolola zosakwana kufika nazo pakati pa chaka. Ndinkamugawira za m'nkhokwe mwanga, koma nanenso zinali zochepa. Ana ake anayamba kujomba kusukulu n'kumapita kuganyu.

Chilimwe chitafika, abale a malemu amuna ake anabwera kuchokera ku Zambia. Anati ali ndi ng'ombe ndi munda wofewa, abwere ndi ana akakhale kumeneko. Kwathu kuno mwamuna amalemekezeka ndi alongo ake ndi ana awo, chifukwa iye ndiye msungi wawo. Ine ndinaima pabwalo n'kumaonerera anthu ena akunyamula katundu wa mlongo wanga chifukwa ndalephera kumusunga. Palibe ananditukwana, ndipo bwenzi zili bwino akananditukwana.

Potsanzikana ndinamupepesa, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira pakamtsinje paja. Ndinkaganiza kuti akwiya chifukwa cha ng'ombe. Iye anati, "Achimwene, kunamizidwa aliyense amanamizidwa. Koma mukanandiuza tsiku lomwe lija, ine ndi ana anga tikanaikankha galimotoyo mpaka ku Malowera. Munaopa kusekedwa ndi anthu a m'mudzi, ine simunandiope kundipha ndi njala." Anatero osakweza mawu, kenako anabereka mwana wake wamng'ono n'kutsatira anzake.

Inu owerenga, makamaka inu amene mukusunga chuma cha abale, ndimvereni. Mukafuna kugula galimoto yakale pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Muipeze injini ili yozizira, muilize nokha, ndipo muiyese pachitunda itasenza katundu, pamsewu wonga wa kwanu. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, pakhale ndi mboni, ngakhale mukulipira ndi ng'ombe kapena matumba a chimanga. Musaipente, musaiwotcherere, musaitsegule musanatsimikize kuti ili bwino. Wogulitsa akakana kukumverani, pitani ku boma msanga, chifukwa ufulu muli nawo, koma suchedwa kufooka mukaukhalira.

Koposa zonse, mukaona vuto tembenukani pomwepo, ndipo muuze munthu amene chuma chakecho chili pangozi. Anthu a m'mudzi akanandiseka sabata imodzi n'kupeza nkhani ina. Lero sandiseka, amandipatsa moni mwaulemu ndithu. Tiana ta ng'ombe tija takula, tayamba kukoka pulawo, ndipo ndinatumiza uthenga ku Zambia kuti ng'ombe zake zilipo, abwere. Anayankha kuti ndilimire ndekha, iye anazolowera kumeneko.