Giza Yokuliramo ya a Telala

A Telala anayamba kusoka ali mnyamata, pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo anakalambira pa makina. Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha, nawonso ankalitchula akapsa mtima. Anali munthu wamfupi, wa phewa limodzi lotsika chifukwa chowerama, ndipo tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo ngakhale pakudya. Pa ntchito yawo anali ndi lamulo limodzi, lakuti chovala chizisiyira munthu malo. Mwana akabwera kudzasoketsa yunifolomu ankatuluka ndi malaya ofika m'mawondo. Makolo akadandaula, a Telala ankalavulira mapini m'dzanja n'kuyankha kuti, "Mwana ndi dzungu, sachedwa. Akuliramo."

Nyumba yawo anaimanganso motero, zipinda zambiri kuposa anthu, ndipo anthu anakuliramodi. Ana awo anakwatira, n'kubwerera ndi ana awo. Apongozi, mayi a akazi awo, anabwera kudzachotsetsa ng'ala m'diso limodzi, n'kukhaliratu kudikira kuti linalo nalo lichite ng'ala. Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, anadzapempha malo ogona basi itamusiya, ndipo basi imeneyo sanaipezenso.

M'mawa uliwonse m'khitchini munkakhala chipwirikiti. Mapoto onse, ketulo, ngakhale chitini chakale cha penti, zonse zinkakhala pa moto kuphitsa madzi osamba. Tiyi ankamwedwa dzuwa litakwera chifukwa ketulo inali kubafa. Tsiku lina a Telala anamwa tiyi wonunkhira sopo, anaika kapu pansi pang'onopang'ono, n'kuuza akazi awo kuti, "Mayi, ine ndikukagula giza, thanki yotenthetsera madzi osamba ija."

"Mukagule ya saizi," anatero akazi awo osatembenuka n'komwe. "Ndimakudziwani."

Kusitolo ya zipangizo zomangira anapeza magiza atandandalikidwa kukhoma, aang'ono kutsogolo, aakulu kumbuyo. Mayi wogulitsa anawafunsa kuti, "Kwanuko mumakhala anthu angati, bambo?"

A Telala anayamba kupinda zala, zala zinatha anthu asanathe. "Zimatengera tsiku lake," anatero.

"Nanga amasamba pa shawa kapena amadzaza bafa? Amasamba onse m'mawa, kapena ena madzulo? Mabafa alipo angati, ndipo ndi otalikirana bwanji?"

Mayiyo anafotokoza mofatsa kuti giza imasankhidwa poona madzi amene amafunika pa nthawi imene anthu ambiri akusamba motsatizana. Ikachepa, omalizira amasamba ozizira. Ikakula kwambiri, imangodya magetsi kutenthetsa madzi amene palibe akuwafuna. "Kaoneni kaye muyeso wa banja lanu," anatero.

Pa zonsezo, a Telala anatolapo mawu amodzi okha amene ankawadziwa bwino, akuti muyeso. Atafika kunyumba anafoletsa banja lonse mukhonde n'kuyamba kuyeza: chifuwa, chiuno, msinkhu. Maganizo awo anali akuti madzi ndi ngati nsalu, thupi lalikulu limadya ambiri. Apongozi anakana kuti mkamwini awazungulize tepi, ndiye anangoyeza deresi lawo lili pachingwe. Mlamu uja, amene mimba yake inkalowa m'chipinda iye asanafike, anapatsidwa madzi a anthu atatu.

Koma atakhala pafupi ndi chitseko cha bafa masiku angapo kumvetsera, anapeza zina. Mlamuyo ankasamba ngati mpheta, kulowa n'kutuluka msana uli gwa. Amene ankatha madzi anali mdzukulu wawo wa kusekondale, wowonda ngati singano, amene sankatuluka asanamalize nyimbo zonse za kwaya, mawu apamwamba ndi apansi omwe. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo tepi inali itawanamiza. Ndiye anachita chimene ankachita nthawi zonse akakayikira: anawonjezera.

Atabwerera kusitolo anadutsa magiza onse a kukhoma, n'kukaima kuseri, pamene panali chimphona cha thanki chodzaza fumbi, chachitali kuposa chitseko.

"Imeneyo inaitanitsidwa ndi sukulu yogonera komweko, kenako anasintha maganizo," anatero mayi wogulitsa. "Si ya panyumba, bambo."

A Telala anaigogoda ndi chala, inalira ngati ng'oma. "Tikuliramo," anatero.

Inabwera pa lole, anthu a mumsewu akuiperekeza. Mmisiri wa mipope anakwera kudenga, n'kutsika ndi akangaude m'mutu. "Achikulire, imeneyi ikadzaza madzi ilemera kuposa ng'ombe. Mitanda yanuyi siyingapirire. Idzakupezani pabedi."

Anaganiza zoiika m'chipinda chosungiramo katundu, koma pakhomo sinalowe. Anagumula zenera la pabalaza n'kuilowetsa chogoneka. Italowa, inakana kukhota kulowera mukhonde. Anayesa chamutu, anayesa chamiyendo, penti inakalika, amuna anatuluka thukuta. Pamapeto pake anaiimika pomwepo pabalaza, pamalo pamene panali sofa. Sofayo anaitulutsa pakhonde la panja mlamu ali pomwepo, chifukwa anati mwendo wachita dzanzi.

Ataiyatsa, mababu onse m'nyumba anachita chizimezime. Makina osokera anayamba kuyenda ngati akudwala, ndipo wina akayerekeza kusita, magetsi onse ankazima. Madzi ankatenga tsiku lonse kuti athume. Komanso mpopi wochoka pabalaza kukafika kubafa unali wautali, moti madzi otentha ankafika munthu atatsuka kale sopo ndi ozizira, akufunafuna thaulo. Akazi a Telala anangobwezera mapoto pa moto, mwaphokoso pang'ono.

Mmisiri wa mipope atabweranso anati, "Muifundike chinthu chokhuthala, kutentha kusamathawe. Magetsi azikhalitsako."

Iye ankanena bulangete. Koma a Telala sanasokepo chinthu chopanda maonekedwe chibadwire. Anakwera pampando, anaiyeza giza ija mapewa, chifuwa ndi msinkhu, ndipo patapita masiku inali itavala jekete lakuda la thonje mkati, la kolala, mabatani akuluakulu ndi matumba awiri. Manja anaikanso, poti jekete lopanda manja ndi manyazi kwa wosoka. Mpopi wa madzi ozizira unalowera dzanja lamanzere, wa otentha unatulukira lamanja.

Mawa lake apongozi anatuluka kuchipinda akupapasa khoma, n'kuona munthu wamkulu wovala bwino ataima pabalaza.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Giza inachita gudugudu m'mimba.

"Ndadzuka bwino nanenso, kungoti mawondowa," anatero apongozi, n'kukhala pansi kufotokoza za mawondowo kuyambira chaka chimene anayamba.

Masana apongozi anaitana mwana wawo, mkazi wa a Telala, n'kumudzudzula. "Iwe, ndinakulera choncho ine? Mlendo waima kuyambira m'mawa, osamupatsa mpando, osamupatsa tiyi. Ndamugwira mkono, thupi latentha. Mwina ndi malungo."

Onse anayesa kuwafotokozera, koma apongozi ankangoti ana a masiku ano alibe ulemu. Pang'ono ndi pang'ono enanso anazolowera. Alendo akalowa ankapatsa moni a Telala, akazi awo, kenako n'kugwedezera mutu cha kujekete kuja, poopa kulakwa. Wowerenga mita ya magetsi anavula chipewa. Adzukulu ankabisa maswiti m'thumba lamanzere n'kuwapeza atasungunuka. M'thumba lamanja akazi awo ankayanikamo masokosi a ana asukulu, ndipo ankavomereza kuti pa ntchito imeneyo yokha, giza inalibe mnzake.

A Telala ankaona zonsezi ali pa makina awo amene sankayenda bwino, ndipo mtima unkawawawa. Anthu ankaseka, iwo osaseka. Tsiku lina masana akazi awo anawapeza atakhala kuseri kwa nyumba akupinda ndi kutambasula tepi.

"Mwana amakula, bambo," anatero akazi awo atakhala pambali pawo. "Koma ife tingaberekane bwanji mpaka kukwana sukulu?"

A Telala anapindanso tepi ija. Kenako anati, "Ine ndinakula ndi zovala zosiyiridwa, zondithina. Ndikakweza mkono, kukhwapa kunkang'ambika, anzanga n'kumaseka. Ndimangoopa kuti wina angapereweredwe."

"Palibe waperewedwa," anatero akazi awo. "Tangosowa pokhala."

Ulendo wachitatu wa kusitolo anapita awiri, ndipo woyankha mafunso anali akazi awo. Iwo ankadziwa amene amasamba mbandakucha, amene amadikira madzulo, amene amasamba Loweruka lokha ngakhale amalowa m'bafa tsiku lililonse. Woimba kwaya anamusamutsira madzulo. Ndi mayi wogulitsa anagwirizana za magiza awiri apakatikati, iliyonse pafupi ndi bafa lake, ina ya magetsi, ina yotenthetsa ndi dzuwa padenga. A Telala anatsegula pakamwa kuti anene za yachitatu yapadera, akazi awo anawaponda phazi.

Chimphona chija chinapeza mwini, bambo wina wa malo ochapira zovala za m'mahotela. Tsiku lodzachitenga anagumulanso zenera lija. A Telala anayamba kumasula mabatani, koma wogulayo anawagwira dzanja. "Ayi, ndikutenga ndi jekete lomwe. Popanda limeneli sindigula."

Banja lonse linkaopa kuti apongozi alira. Mwana wawo anawagwira paphewa n'kunena kuti, "Amayi, mlendo uja akupita."

"Ndimadziwa kuti ndi thanki, sindine wopusa," anatero apongozi. "Ndinazindikira sabata yoyamba yomwe. Koma m'nyumba muno ndi yokhayo imene sinkandidula mawu." Anapempha kuti lole iyende pang'onopang'ono m'mabampu.

Kumalo ochapira kuja makasitomala ankaima kuonerera thanki yovala, ndipo ena anafunsa amene anaisokera. Zaka zomalizira za ntchito yawo a Telala anazithera pa majekete a magiza. Maso anali atayamba kufooka, ndipo mabowo a mabatani a malaya ankawavuta, koma a giza anali aakulu, olowa chala chonse. Mmisiri wa mipope ndiye ankakwera kudenga kukatenga miyeso, chifukwa akazi awo analetsa zokwera makwerero. Makasitomala ena ankapempha kuti kolala ichoke, poti giza yawo ili kudenga kumene palibe oiona. A Telala ankavomera monyinyirika. Koma za matumba sankalola kukambirana.

Pabalaza sofa inabwerera, mlamu ali pomwepo. Pamalo pa zenera logumulidwa kawiri lija akazi awo sanalole kuikaponso zenera. Anaitana kalipentala kuti aikepo chitseko chachikulu chotsegukira mbali ziwiri, poti sankadziwa chimene amuna awo adzagule chaka chinacho.