Lole ya Nandolo ndi Khomo la Galaja ya Che Yusufu

Ntchito yanga yoyamba ya zomangamanga ndinaipeza chifukwa cha foloko ya njinga. Ndinali nditamaliza maphunziro a umisiri womanga, satifiketi ili m'sutikesi, mwiniwakene ndili kwathu ku Mbombwe kumenya nandolo ndi amayi. Chaka chathunthu chinatha choncho. Kulikonse kumene ndinkafunsa ntchito ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiuza kuti azimayi otunga madzi akwana kale. Ndinkabwerako nditafufuma ndi mkwiyo, moti amayi ankangondipatsa ndodo kuti ukaliwo ndikathere pa nandolo.

Tsiku lina alamu anga, amene amapalasa kabaza, anathyola foloko n'kukawotcheretsa pa galaja ya Che Yusufu ku Mbulumbuzi. Pobwera anandiuza kuti galajayo akuikuza, ndipo kapitawo wa ntchitoyo, a Nakoma, akufuna munthu wodziwa kuwerenga tepi ndi pulani chifukwa maso awo ayamba kuvuta. M'mawa mwake ndinakwera njinga yomweyo, ovolosi ili m'jumbo.

A Nakoma anali bambo wamfupi, wosachulutsa mawu, Chinyanja chawo chomveka Chilomwe. Satifiketi yanga sanaiyang'ane n'komwe. Anandipatsa mpeni womangira, chingwe ndi mabuloko asanu, akuti ndiyale mzere. Nditamaliza anaikapo levulo, kathovu ka mkati mwake n'kukhala pakati penipeni.

“Mwalembedwa, a Sukulu,” anatero. Dzina limenelo linandikanirira mpaka lero.

Galajayo inali ya mabuloko a simenti, yomangidwa nthawi imene Che Yusufu ankakonza timagalimoto tating'ono ndi njinga zamoto. Tsopano ankafuna kuti muzilowa malole, komanso anali atagula lifiti, makina a mizati iwiri okwezera galimoto m'mwamba kuti amakaniko asiye kukwawa m'dzenje. Choncho tinafunika kuchotsa malata, kukweza makoma, kutalikitsa nyumbayo chakumbuyo ndi kukuza khomo. Khoma lakutsogolo tinalidula ndi girayinda n'kumalizitsa ndi hamala ndi chizulo. Polumikiza khoma latsopano ndi lakale tinkagumula buloko limodzi n'kusiya lina, kuti makoma awiriwo alumane ngati mano. Fumbi lake linkandiyeretsa tsitsi, ndikafika kunyumba amayi ankanditcha agogo.

Sabata yachitatu a Nakoma anatulutsa tepi yawo m'thumba n'kundipatsa. “Khomo ndi lanu. Muyeze lole yaikulu koposa imene imabwera pano.”

Lole yaikulu inali ya a Bwanali, dalaivala wanthabwala amene ankanyamula nandolo kupita naye ku Limbe. Inali ndi zitsulo zazitali zogwira tenti. Madzulo a tsiku lomwelo inaima pagalaja kuti apope tayala, itadzaza matumba mpaka pakamwa. Ndinakwera pamwamba penipeni, Che Yusufu atandigwirira tepi pansi, ndipo ndinapeza mamita atatu ndi masentimita 30. Ndinawonjezerapo masentimita khumi opumira, n'kulemba m'kabuku kanga ndi manja okongola. Ndinayeza kawiri, ndikudzitama mumtima kuti izi ndiye amati sukulu.

Pamwamba pa khomo lalikulu chotero pamafunika lintala, mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo mkati, wonyamula khoma lonse la pamwamba pake. Tinamanga zipilala mbali zonse ziwiri kufika pa muyezo wanga, tinakhoma bokosi la matabwa, tinalichirikiza ndi mapolo a bulugamu, n'kuikamo zitsulo zomanga ndi waya. Lachisanu m'mawa tinathira konkire. Simenti, mchenga ndi miyala ya kwale tinkasakaniza pansi ndi mafosholo, ndowa zikuyenda dzanja ndi dzanja mpaka pansanja, wina akusinja ndi chitsulo kuti musatsale mphako. Tinali anthu asanu ndi atatu, nyimbo ili pakamwa. Dzuwa lisanafike pamutu tinali titamaliza. Che Yusufu anasisita thabwa la bokosilo ngati akusisita mbuzi yonenepa, anavala chisoti chawo n'kupita ku mzikiti.

Tikusamba m'manja, a Bwanali anatulukira kuchokera ku Limbe, lole ili yopanda kanthu. Anaiimika kutsogolo kwa khomo lathu kuti athire madzi mu injini. Ine ndinali nditakhala pa buloko ndikudya chinangwa. Nditakweza maso ndinaona kuti zitsulo za tenti zija zikuoneka ngati zapitirira thabwa la pansi pa lintala. Ndinati mwina ndi mmene ndakhalira. Ndinasuntha n'kuyang'ananso, koma zinali chimodzimodzi.

Ndinakwera lole ija mwakachetechete n'kutsitsa tepi mpaka inagunda pansi. Mamita atatu ndi masentimita 46. Lole ikasenza katundu masipuling'i ake amaphwatalala ndipo imatsika; ikatsitsa katundu imadzuka. Ine ndinaiyeza itasenza nandolo. Koma galimoto yobwera kudzakonzedwa amayamba aitsitsa katundu. Khomo langa linali lalifupi ndi masentimita asanu ndi limodzi.

Ndisaname, maganizo oipa anandifikira. Palibe wina amene anaona. Mapolo akanakhala pakhomopo masabata atatu, ndipo pofika nthawiyo mwina anthu akanati vuto ndi matayala atsopano kapena pansi pamene pakwera. Ndikanena, ndiye kuti mkazi yekhayo pa ntchitoyo, wa satifiketi uja, wawononga matumba a simenti pa khomo lake loyamba. Ndinadziona ndikubwerera ku Mbombwe pa njinga ya alamu. Ndinachita mantha kwambiri. Koma konkire inali ikugwira, ndipo ikauma palibe chochitira mwina koma kuiswa ndi hamala, zitsulo ndi zonse.

Ndinatsika n'kupita pamene a Nakoma ankamwa thobwa.

“Bambo, ndalakwitsa. Lole ija ndinaiyeza itanyamula. Yopanda katundu silowa.”

Anayang'ana lole, anayang'ana lintala. Anakwera pansanja n'kupisa chala mu konkire, chala n'kulowa mpaka pakati. Atatsika anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa tepi, iwo n'kuiponya m'thumba.

“Ikadali yofewa. Aliyense atenge ndowa.”

Anzanga anadandaula, wina mpaka anaponya chipewa pansi, koma anakwera. Tinachotsa thabwa la m'mbali n'kuyamba kukokolola konkire ija ndi mafosholo, mipeni yomangira, ngakhale manja. Simenti imawotcha, abale. Zala zanga zinasupuka zonse. A Nakoma sanalole kuti itayike. Analamula kuti tiziithira pansi kutsogolo kwa khomo, pamene pankafunika kale potsetsereka pokwerera magalimoto, awiri akuisalaza ndi thabwa. A Bwanali nawo anavula shati n'kugwira wilibala, pakamwa posatseka.

“A Sukulu, mukanandifunsa ine. Lole yangayi ili ngati apongozi anga, ikakhuta imakhala pansi, ikamva njala imaimirira.”

Ndinaseka misozi ili m'maso. Chakumapeto konkire inayamba kulimba moti tinkachita kuigwaza ndi chitsulo, koma tinaichotsa yonse, n'kutsuka zitsulo ndi madzi ndi burashi ya waya.

Che Yusufu pobwera ku mzikiti anaima pamsewu manja ali m'chiuno. Anasiya lintala yathiridwa, anapeza bokosi lili pululu, anthu ali simenti yokhayokha.

“Kodi ndapemphera nthawi yaitali bwanji, kuti ntchito yabwerera m'mbuyo?”

Ndisanayankhidwire ndi wina, ndinafotokoza ndekha zonse. Nditamaliza, Che Yusufu anayamba kuseka mpaka anakhala pa tayala.

“Mwanangu, amene anakugwirira tepi tsiku lija ndi ndani? Ine ndimasintha masipuling'i tsiku ndi tsiku, ndipo ndinaima pomwepo osaganizako. Simenti tigula ina.”

A Nakoma okha sanaseke. Loweruka tinakweza zipilala ndi mizere iwiri ya mabuloko, sabata yotsatira tinathiranso lintala, koma woyeza anali iwo, atavala magalasi obwereka. Ine anandiika pa fosholo. Masabata atatu ndinkaponda matope a simenti ndi kunyamula mabuloko, osadziwa ngati ntchito ya khomo ikatha ndidzauzidwa kuti ndisabwerenso. Zinkandiwawa, koma sindinajombe ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lochotsa mapolo a Bwanali anabwera ndi lole yopanda kanthu. Anailowetsa chambuyo pang'onopang'ono, mutu uli pawindo, akuimba hutala ngati wanyamula mkwatibwi. Inadutsa bwinobwino, pamwamba n'kutsala malo oti nkhuku ikhoza kuimapo. Amakaniko anawomba m'manja.

A Nakoma anandikodola n'kupita nane mkati, pamene pankayenera kukumbidwa maziko a mizati ya lifiti. Anatulutsa tepi ija n'kundiika m'manja.

“Pano pakalakwika, galimoto igwera munthu. Ndikufuna woyeza amene akalakwitsa amanena. Yambani.”

Ndinangogwada n'kuyamba kukoka chingwe.

Papita zaka tsopano, ndipo ndili ndi gulu langa la amisiri. Ndisanayeze khomo, shedi kapena denga, ndimayamba ndafunsa mwiniwake kuti chinthucho chidzalowa chili bwanji, chonyamula kapena chopanda kanthu. Ndipo aliyense amene ndamulemba ntchito ndimamuuza tsiku loyamba kuti kulakwitsa sindichotsera munthu, koma andiuze konkire ikadali yofewa.